Nyimbo tikuimbazi anapeka ndani, ndipo liti?

Lamulungu lililonse, kuyambira ku mishoni ya Minga mpaka ku ya Merwe, ku Hofmeyr ndi m'matchalitchi ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa Great East, makwaya amaimirira n'kuimba nyimbo zomwe simungazipeze m'buku lililonse losindikizidwa. Zili m'makope a aphunzitsi a kwaya, zolembedwa pamanja. Funsani oimbawo kuti nyimbo iyi anapeka ndani, adzakuyankhani kuti anaipeza ikuimbidwa. Funsani kuti inayamba liti, adzati ndi yakale. Kale lake liti? La Welensky, la Kaunda kapena la Chiluba? Zitheka bwanji kuti mpingo umene umadziwa tsiku limene mkhristu aliyense anabatizidwa, umene umalemba ngakhale ngwee ya chopereka, sudziwa dzina la munthu amene anaupatsa nyimbo yomwe umaikira maliro a anthu ake?

Tsegulani limodzi la makopewo. Pamwamba pa tsamba pali mutu wa nyimbo, pambali pake palembedwa kuti do ndi G kapena F. Pansi pali mizere inayi ya zilembo, d, r, m, f, s, l, t, wa soprano, wa alto, wa tenala ndi wa besi, yodulidwa ndi timizere toimirira ndi timadontho tosonyeza pogunda nyimbo. Kalembedwe aka ka solofa anakakonza John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1840, potengera njira ya mayi Sarah Glover a ku Norwich, ndipo kuno ku Zambia kanabwera ndi sukulu za mishoni. Amishoni a Chidatchi anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, a Katolika n'kudzakhazikika ku Minga m'zaka za m'ma 1920. Ndiye kuti padutsa zaka zoposa zana anthu a chigawo chino akutha kuika mawu a nyimbo papepala. Patsambapo zonse zilipo, ngakhale pofunika kupuma ndi pofunika kukweza mawu. Posowa ndi pawiri pokha: dzina la wopeka ndi chaka. N'kudzichepetsa kwachikhristu kumeneku, kapena n'kusasamala kumene tikukuveka malaya a kudzichepetsa?

Kwa anzathu kunja, nkhani ya tsiku la papepala la nyimbo ndi ntchito imene anthu amadyerapo nsima moyo wawo wonse. Richard Strauss wa ku Germany, ali ndi zaka 84, analemba nyimbo zinayi za mawu a mzimayi mmodzi motsagana ndi gulu lalikulu la zoimbira, lija amati okesitira. Anali ndi chizolowezi cholemba tsiku ndi malo pansi pa nyimbo akaimaliza. Iye anamwalira mu 1949 asanazimve zikuimbidwa, ndipo amene anazisonkhanitsa n'kuzitchula kuti nyimbo zinayi zomaliza anali Ernst Roth wa ku kampani yosindikiza. Chifukwa cha masiku a pamapepalawo, lero tikudziwa kuti nyimbo imene Roth anaiika kumapeto, imene anthu ambiri amaimva ngati kutsanzika kwa nkhalambayo, ndi imene inatha kulembedwa poyamba, mu Meyi 1948. Tikudziwanso kuti zinayizo sizinali zomaliza kwenikweni. Mu Novembala chaka chomwecho Strauss analemba ina, Malven, ya mawu ndi piyano, n'kuipereka kwa woimba Maria Jeritza, yemwe anaibisa mpaka imfa yake mu 1982. Inamveka pagulu koyamba mu 1985. Pepalalo likanakhala lopanda tsiku, ndani akanatsutsa Roth?

Nanga pamene wopeka sanalembe tsiku? Apo akatswiri amafunsa pepala lenilenilo. Mapepala akale a ku Ulaya ali ndi chizindikiro cha fakitale chobisika mkati, chooneka ukaliyang'anitsa ku kuwala. M'zaka za m'ma 1950, Alfred Dürr ndi Georg von Dadelsen anayerekeza zizindikiro zimenezi pamodzi ndi kalembedwe ka anyamata amene ankakopera nyimbo za Johann Sebastian Bach ku Leipzig. Anapeza kuti nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimene mabuku ankati Bach anazipeka atakula, zinali za mu 1724 ndi 1725, atangoyamba kumene ntchito mumzindawo. Mbiri yonse ya munthuyo inayenera kulembedwanso.

Wina anena kuti zimenezo n'za Azungu, ife tilibe okesitira ndipo makope a ku golosale alibe zizindikiro zobisika. Zoona. Koma ndani ananena kuti kope la ku Petauke silinena zaka zake? Limanena, ndipo mwina momveka kuposa pepala la Bach, chifukwa dziko lino lasintha dzina, ndalama, miyeso, maina a matauni ndi kalembedwe ka chilankhulo, zonsezi mkati mwa moyo wa munthu mmodzi.

Tiyerekeze kuti kope lili patebulo. Yambani ndi chikuto, musathamangire nyimbo. Ngati palembedwa Northern Rhodesia, kopelo linasindikizidwa tsiku la ufulu la 24 Okutobala 1964 lisanafike. Ngati mtengo wake uli m'mashereni ndi makobiri, ndi la nthawi imene kwacha ndi ngwee zinali zisanabwere, ndipo zinabwera mu Januwale 1968. Tembenuzani kumbuyo kumene amasindikiza matebulo a masamu: kodi akuwerenga mayadi ndi mamailosi, kapena mamita ndi makilomita? Pamzere wa kalasi, mwini wake analemba Standard kapena Grade? Ngati penapake pali adiresi ya Fort Jameson m'malo mwa Chipata, kapena ya m'bale wa ku Salisbury m'malo mwa Harare, dzina lomwe linasintha mu 1982, mwapeza chogwira china. Chidindo cha mpingo nachonso chimalankhula, pakuti mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia unayamba watchedwa African Reformed Church, ndipo dzina la lerolo linadza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mndandanda wa zopereka za yunifomu wolembedwa kutsamba lomaliza, ngati aliyense akupereka K50,000, ndi wa nthawi imene maziro atatu anali asanachotsedwe pa ndalama yathu, pa 1 Januwale 2013. Ngakhale mawu oti Nyanje, Petauke District ndi umboni, chifukwa Nyanje anadzalowa m'boma la Sinda litakhazikitsidwa mu 2012.

Kenako yang'anani cholembera. Peni yoviika mu inki imayamba mothithikana, n'kumazilala, n'kudzathithikananso pamene wolemba waviikanso. Bolopeni imasiya ngalande imene chala chimaimva kuseri kwa tsamba, ndipo inafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, choncho tsamba la bolopeni silingakhale la nthawi imene Hofmeyr ankatsegulidwa, ngakhale agogo atalumbira chotani. Pali mapepala a sitensulo ya makina opukusa pamanja, pali a fotokope, ndipo lililonse lili ndi nyengo yake. Mawu a nyimboyo nawonso afunseni. Nyimbo ya Misa ya m'Chinyanja yoyendera ng'oma n'zovuta kuti ikhale yakale kuposa msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, umene unatsegula khomo loti Misa ichitike m'zilankhulo za anthu. Nyimbo yolandira Papa Yohane Paulo Wachiwiri ikuloza ku Meyi 1989. Nyimbo yopempherera othawa nkhondo a ku Mozambique ikutikumbutsa za Ukwimi, kumene anthuwo anakhala kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka atayamba kubwerera kwawo mtendere wa 1992 utasainidwa. Kodi pamafunika digiri ya ku Leipzig kuti munthu aone zimenezi? Mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Nyimba, amene anagwiritsa ntchito makope onsewa ndi manja ake, sangazione msanga kuposa pulofesa?

Koma apa m'pamene pali mbuna, ndipo ambiri ofuna kutamanda mpingo wawo amagweramo mosangalala. Chikuto cha 1966 chikungonena kuti nyimboyo sinalowe m'kopemo chaka cha 1966 chisanafike. Sichikunena kuti inalowa chaka chomwecho, pakuti kope linali chuma, munthu ankatha kulisunga zaka khumi akulembamo pang'onopang'ono. Sichikunenanso kuti nyimboyo inapekedwa liti. Mwina inali itaimbidwa zaka makumi awiri pakamwa pokha wina asanaiike papepala, mwina inakopedwa m'kope lina lomwe chiswe chinadya kalekale. Tsiku la pepala, tsiku la inki ndi tsiku la nyimbo ndi masiku atatu osiyana. Kalembedwe ka chilankhulo nako kamanyenga. Munthu akaona cikondi m'malo mwa chikondi amafulumira kunena kuti ndi zolemba za amishoni akale, poti Buku Lopatulika la 1922 linkalemba choncho. Komatu malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amalembanso c yemweyo, pamene Malawi anasankha ch. Mwana wa Grade 5 wa chaka chino ndi mlaliki wa mu 1930 angalembe liwulo mofanana. Umboni umodzi sukwana. Pamafunika utatu kapena unayi wogwirizana, ndipo ngakhale pamenepo yankho loona nthawi zambiri limakhala loti pakati pa chaka chakuti ndi chakuti. Tili nako kulimba mtima koyankha choncho, kapena tidzapitiriza kulemba pa mapulogalamu a chikondwerero chaka chimene chikukometsa nkhani?

Funso lovuta kwambiri ndi la dzanja. Kope lapezeka m'thiranki ya malemu aphunzitsi a kwaya, ana awo akuti nyimbo zonse m'menemo anapeka ndi bambo awo. Zingakhale zoona, zingakhalenso kuti bambowo anali wokopera waluso. Pepala limasiyanitsa. Wopeka amalimbana ndi nyimbo yake: amafufuta, amasintha mzere wa alto kawiri katatu, amayesa liwu lina pamwamba pa linzake kuti likwane m'kugunda, nthawi zina amasiya besi osamaliza. Wokopera tsamba lake ndi laukhondo, koma zolakwa zake n'zamtundu wina: diso limalumpha kuchoka pamzere umodzi kupita pa wina woyamba mofanana, n'kusiya pakati ponse, kapena amabwereza kachigawo kawiri. Tsono taonani zomwe timachita. Kope lauve, lofufutidwafufutidwa, timaliona ngati lochititsa manyazi, timalikopera m'buku latsopano lachikuto cholimba, lakalelo n'kulipereka kwa ana kapena kwa amayi okulungira zitumbuwa. Tikusunga chiyani, ndipo tikutaya chiyani? Mu 2016 ku London, mapepala 232 a pamanja a nyimbo imodzi ya Gustav Mahler, odzaza ndi zofufuta ndi zokonza zake, anagulitsidwa pa mapaundi oposa mamiliyoni anayi ndi theka, pamene buku losindikizidwa la nyimbo yomweyo aliyense angathe kuligula m'sitolo. Sitikunena kuti kope la ku Merwe lidzagulidwa choncho. Tikunena kuti chimene ogulawo analipirira ndi chomwe ife timachita nacho manyazi.

Amene akuganiza kuti nyimbo yotchuka imadzisunga yokha akumbukire nyimbo ya fuko lathu. Maimbidwe ake ndi a Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni ya Methodist kufupi ndi Johannesburg, amene anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897. Ankalemba nyimbo zake m'solofa, m'kope la sukulu, monga achitira aphunzitsi athu a kwaya. Anamwalira mu 1905, kopelo linabwereketsedwa kwa ena ndipo silinaonekenso. Nyimbo imodziyo inapulumuka chifukwa makwaya anainyamula, Sol Plaatje n'kuijambulitsa ku London mu 1923. Nanga zinzake za m'kope lija zili kuti? Ngakhale manda ake ku Braamfontein anachita kufufuzidwa, n'kudzalemekezedwa ndi boma mu 1996, patadutsa zaka 91. Ngati zinatero kwa munthu amene maimbidwe ake akuimiritsa anthu njo ku Zambia, ku Tanzania ndi ku South Africa, zidzatha bwanji kwa katekisiti wa ku Minga kapena mkulu wa mpingo wa kwa Mfumu Ndake?

Chowawa n'chakuti zolembedwa zodalirika za nyimbo za Petauke zilipo, koma sanazilembe ndife. Mu 1961 John Blacking anabwera m'boma lino pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute, n'kujambula nyimbo za Ansenga. Zinatuluka pa malekodi awiri a kampani ya Folkways ya ku New York, otchedwa Music from Petauke, yoyamba mu 1962, ndipo lero zili m'manja mwa Smithsonian ku Washington. Chaka chomwecho cha 1961 Blacking anasindikiza m'magazini ya African Music nkhani ya kalimba ya Chinsenga, ataika maimbidwewo papepala. Mapepala ake a ntchito amasungidwa ku University of Western Australia. Mlendo anakhala kanthawi kochepa, koma chifukwa analemba malo ndi chaka, titha kunena molimba mtima kuti umu ndi mmene kalimba inkalirira ku Petauke mu 1961. Za 1971, 1981 ndi 1991, pamene tinali pa ufulu, tili ndi sukulu zathu ndi nyumba zathu zoulutsira mawu, tinganene chiyani? Ndi ana angati a sukulu za ku Petauke ndi ku Nyimba amene anamvapo malekodi amenewo, omwe mwina muli mawu a agogo awo enieni? Ndani anayesapo kuwatengera kumidzi kumene anajambulidwa, kuti achikulire atchule maina a oimbawo anthu owadziwa asanathe?

Pano tiyenera kuchita chilungamo, pakuti pepala si zonse. Blacking yemweyo anaona kuti chinsinsi cha kalimba ya Chinsenga chili m'kayendedwe ka zala zazikulu ziwiri, chamanzere ndi chamanja, mmene zimasinthanirana ndi kukumanirana, ndipo maimbidwe amatuluka m'kuyenda kwa zalako. Zimenezo solofa sangazinyamule. Nyimbo za pamtondo, za chitelele, za nsongwe, za pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, sizinayambe zadalira kope, ndipo amene angazifinyire m'mizere inayi ya soprano mpaka besi adzaziphwanya. Palinso za chinamwali zomwe eni ake safuna kuti zilembedwe, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma kodi nyimbo yapakamwa ilibe woyambitsa? M'mudzi uliwonse amayi amadziwa kuti nyimbo yakuti anaiyamba ndi mayi uje, mwamuna wake atapita ku migodi osabwerera, kapena chaka cha njala yakuti. Kumeneko ndi kuika tsiku pa nyimbo, kungoti kuli m'mutu mwa anthu okalamba. N'chifukwa chiyani wofufuza wa ku Lusaka akafika ndi chojambulira amalemba kuti nyimbo ya makolo, osafunsa funso limodzi lokhalo?

Mawu oti nyimbo ya makolo ali ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi wopeka. Lamulo la Zambia la umwini wa zopeka, la 1994, limateteza nyimbo pa moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zina 50 atamwalira. Bungwe la ZAMCOPS lilipo kuti litolere ndalama za eni nyimbo. Koma lidzatolerera ndani ngati dzina palibe, ndipo zaka 50 zidzawerengedwa kuchokera pati ngati palibe tsiku? Gulu la mumzinda likatenga nyimbo ya kwaya ya kumudzi, n'kuiika kiyibodi, n'kuikweza pa YouTube ndi dzina lawo, mayi wamasiye wa wopekayo adzapita ndi chiyani kukadandaula? Kope lauve lija, lokhala ndi zofufuta za mwamuna wake ndi chidindo cha mpingo, ndilo likanakhala mboni yake. Kunena zoona, ambiri mwa aphunzitsi a kwayawa safuna ndalama; angakondwe kungomva dzina lawo likutchulidwa pa Breeze FM kapena pa Radio Maria nyimbo yawo isanayambe. Kodi zimenezonso n'zodula?

Pa maliro a mphunzitsi wa kwaya, kwaya imaimba usiku wonse nyimbo zake. M'mawa mwake, kapena pakatha masiku, abale amakhala pansi kugawa katundu: njinga kwa uyu, jekete kwa uyu, wailesi kwa mphwake. Makope palibe amawatchula, chifukwa palibe amawaona ngati katundu. Amatsala m'katoni pansi pa bedi, denga likudontha, njenjete ndi chiswe zikugawana. Abusa analipo pamaliropo, akulu a mpingo analipo, amayi a Chigwirizano analipo, wapampando wa kwaya analankhulanso mawu otamanda malemu. Panalibe mmodzi woti n'kupempha banja kuti makopewo ajambulidwe asanabalalike?

Ntchito yake si yofuna thandizo la kunja. Foni imene imajambula ukwati itha kujambula kope lonse, kuyambira chikuto chakutsogolo mpaka chakumbuyo, osadumpha masamba a zopereka ndi a maina a oimba, pakuti m'menemo ndi mmene muli zaka. Pa pepala lapadera, osati m'kope lenilenilo, alembepo kukula kwake, kuchuluka kwa masamba, ong'ambika ndi osowa, cholembera chake, manja angati akuonekamo, mwini wake anali yani, linadutsa m'manja mwa yani, ndipo ndani akunena zimenezi. Zimene achikulire akukumbukira zilembedwe kuti ndi zokumbukira, zimene chikuto chikusonyeza zilembedwe kuti ndi za pachikuto. Pensulo yozilala asaidutsemo ndi bolopeni, tsamba long'ambika asalimate ndi selotepi yomwe pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kudya pepala, ndipo asaliwotchere m'pulasitiki poganiza kuti akuliteteza. Malo osungirako alipo: National Archives of Zambia ku Lusaka, Justo Mwale University ya mpingo wa Reformed, likulu la Dayosizi ya Chipata. Koma amenewa sangasunge chimene sichinatuluke pansi pa bedi.

Ndipo nyimbo zimene zikupekedwa chaka chino zili pangozi yoposa ya makope akale. Mphunzitsi wa kwaya wa lero amaimbira mzere wa alto m'foni n'kuutumiza pa WhatsApp. Foniyo ikagwera m'madzi kapena ikabedwa pa siteshoni ya basi, palibe chikuto, palibe inki, palibe chidindo choti mdzukulu adzafunse. Okonza mipikisano ya makwaya amapempha dzina la kwaya, chiwerengero cha oimba ndi ndalama yolowera, ndipo kwaya yosalipira siikwera pa nsanja. Chikuwaletsa n'chiyani kuwonjezera mizere itatu pa fomu yomweyo, wopeka, mudzi kapena mpingo wake, ndi chaka, n'kulamula kuti kwaya yosadzaza mizereyo isaimbe? Ndi presibitale iti, ndi parishi iti ya ku Petauke kapena ku Nyimba, imene iyambe pa mpikisano ukubwerawu?